Chipala cha kuseri kwa nyumba: moto, nyundo ndi diso la wosula

Nkhwangwa zambiri zimene timagula pa tsiku la msika zinayamba zayenda pamsewu. Chitsulo chake chinali sipuling'i ya lole kapena ya minibasi. Chinasenza anthu ndi matumba a chimanga kwa zaka, mpaka tsiku lina chinathyoka n'kuponyedwa kuseri kwa galaja, komwe wosula anakachigula pa mtengo wozizira. Iye anachiika pamoto wa makala, anachidula chili psuu, n'kuchisula mpaka mbali imodzi inatambasuka kukhala kotemera, inayo n'kusongoka kukhala msuka wolowa mumpini. Zida zonse zimene anagwirira ntchitoyi zingakwane m'thumba limodzi la feteleza.

Izi n'zimene ambiri ofuna kuyamba kusula pakhomo sakhulupirira. Amaonera pa YouTube amisiri a ku America ndi ku Ulaya ali m'nyumba zodzaza makina, moto wa gasi ukulilima, nyundo ya magetsi ikumenya yokha, ndiye amagwa mphwayi poganiza za ndalama. Chonsecho kusula kwa manja kumangofuna moto wopemereredwa, chosulirapo, nyundo ndi chogwirira chitsulo chamoto. Zina zonse wosula amadzipangira yekha ntchito ikamakula. Chimene sichipezeka m'sitolo, ndipo chikusowa chaka ndi chaka, ndi diso lodziwa kuti chitsulo chapsa bwanji pongoona mtundu wake.

Kumaiko a azunguwo lusoli linatsala pang'ono kuzilala mafakitale atalanda ntchito ya osula. Analidzutsa ndi anthu ochita mongokonda. Buku la Alex Bealer lotchedwa The Art of Blacksmithing linatuluka mu 1969, bungwe la osula la ABANA linakhazikitsidwa ku Georgia ku America mu 1973, la ku Britain linatsatira mu 1978, ndipo kuyambira 2015 pulogalamu ya pa kanema ya Forged in Fire yakopa achinyamata ambiri kuti ayese kusula mipeni. Iwowo anachita kufukula nzeruzi m'mabuku ndi kwa nkhalamba zochepa zimene zinatsala. Kwathu kuno chipala sichinazime. Chikuyakabe pansi pa mtengo wa mango kumudzi ndi m'mphepete mwa misika ya m'tauni, kungoti timachidutsa osacheuka.

Ndipo n'chakale. Msilikali wa Chipwitikizi António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi pa ulendo wa 1831 mpaka 1832 kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za momwe anthuwa ankasungunulira chitsulo ndi kusula makasu. David Livingstone atafika ku mapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja ali ndi ng'anjo, ootcha makala ndi osula m'midzi yawo. Ku Kasungu ndi kwa Aphoka a ku Rumphi kunali ng'anjo zadothi zazitali zimene zinkakoka mphepo zokha popanda mvukuto, ndipo mabwinja ake akuonekabe, ena m'nkhalango ya Kasungu National Park. Kusungunula miyala kunaleka cha m'ma 1930, makasu a m'sitolo ndi zitsulo zotha ntchito zitachuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anapempha akuluakulu amene ankakumbukirabe ntchitoyi kwa Chulu ku Kasungu ndi kwa Aphoka kuti ayatsenso ng'anjo, n'cholinga choti nzeruyo ilembedwe. Ng'anjo inapita, koma chipala chinatsala, chifukwa khasu limafunabe msuka watsopano ndipo nkhwangwa imabunthabe.

Kukonza chipala

Chipala chabwino kwa woyamba ndi cha pansi. Kumbani kadzenje kakuya masentimita 10 mpaka 15, kukula kwake koti zikhatho ziwiri zikwanemo. Mbali imodzi umbani kakhoma ka dothi la pachulu, ndipo m'munsi mwake mudutsitse paipi yachitsulo ya inchi imodzi yolowetsa mphepo cham'mbali. Kumapeto kwa paipiyo, kumene kwayang'ana moto, matani dongo kuti kusanyeke. Amene msana suwalola kunjuta akhoza kudzaza dothi m'theka la mgolo kapena m'bokosi lamatabwa lokhala pa miyendo, n'kukumba kadzenje komweko pamwamba pake. Simenti ndi miyala yonyowa ya kumtsinje zisayandikire moto, chifukwa zikatentha zimaphulika n'kumwaza tizidutswa kumaso.

Mphepo ndiyo imasandutsa moto wa mbaula kukhala moto wosulira. Makolo ankavukuta ndi zikopa ziwiri za mbuzi, dzanja ili likukwera linalo likutsika, kuti mphepo isadukize. Ena masiku ano amasoka mvukuto wa chubu cha galimoto. Koma chimene chafala kwambiri ndi gudumu la njinga lozunguzidwa ndi dzanja, lamba n'kumayendetsa kafani kotsekeredwa m'chitini. Ine ndimachiyamikira chida chimenechi kuposa choumitsira tsitsi cha magetsi chimene ambiri amathamangira. Magetsi akathima icho chimagwirabe ntchito, ndipo mukasiya kupukusa mphepo imaleka nthawi yomweyo, makala osanyeka pachabe pamene inu muli kalikiliki ndi nyundo.

Makala aswedwe tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu, ndipo aunjikidwe mokwera ndithu. Chitsulo chigone chopingasa pamwamba pang'ono pa polowera mphepo, makala ena ali pansi pake, ena atachikwirira. Mukachilowetsa pakamwa penipeni pa paipi, mphepo imachiziziritsa mbali imodzi n'kuchidya, ndipo chimatuluka chitachita makoko akuda okhaokha.

Za makalawa tisazembe. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chiphaso kwa aliyense wootcha makala, ndipo mapiri a dazi amene tikuwaona akutiuza chifukwa chake. Osungunula akale ankakonda mitengo yolimba monga muwanga, koma wosula wa kumapeto kwa sabata alibe chifukwa chogwetsera mtengo wachilengedwe. Makala ovomerezeka alipo, monga a ku Kawandama Hills ku Viphya, ochokera ku mitengo yodzala. Makala a nsungwi amasula bwino, ndipo ngakhale a zitsononkho amakwanira pa tintchito ting'onoting'ono, kungoti amanyeka msanga. Makala oumba aja ophikira amachuluka phulusa ndipo amatseka mphepo. Malasha, monga a ku Mchenga ku Rumphi, amatentha kwambiri, koma utsi ndi fungo lake m'tauni zingakudanitseni ndi a nyumba yoyandikana.

Chosulirapo chenicheni chokhala ndi nyanga n'chodula ndiponso chosowa, ndipo simufunika kuchidikira. Osula akale ankamenyera pa mwala wolimba. Mutu wa nyundo yaikulu yoswera miyala, wolemera makilogalamu asanu kapena kuposa, mukaukhazika m'chitsa kumaso kwake kutayang'ana kumwamba, umagwira ntchito bwino zedi. Chidutswa chonenepa cha ekiselo ya lole nachonso n'chabwino. Ambiri amakonda njanji, koma amalakwitsa poigoneka: imalira kwambiri ndipo imanjenjemera. Iimikeni chilili kuti kulemera kwake konse kukhale pansi pa nyundo, ngakhale posulira pachepe. Njanjiyo igulidwe kwa ogulitsa zitsulo zakutha odziwika bwino, chifukwa kuzula chitsulo pa msewu wa sitima ndi mlandu, ndipo kungaphetse anthu. Kutalika kwa chosulirapo kufike pamene pali nkhonya yanu mukaima chilili manja ali m'mbali.

Nyundo ya kilogalamu imodzi ndi yokwana. Achinyamata amathamangira yolemera poganiza kuti ntchito ifulumira, koma dzanja likatopa nyundo imagwa chopendekeka n'kusiya zipsera pachitsulo. Nyundo yatsopano imakhala ndi m'mbali mwakuthwa, ndiye muyambe mwaipala kuti kumaso kwake kukhale kobulungira pang'ono. Igwireni momasuka, chala chachikulu chisakhale pamwamba pa mpini, kuti ikanjanja mphamvuyo isakathere m'chigongono. Mbaniro musavutike nayo tsiku loyamba. Tengani chitsulo chotalika theka la mita kapena kuposa, ndipo mudzaona kuti mbali imene mwagwira sitentha msanga. Mbaniro yoyamba mudzasula nokha, ndipo iyenera kuluma chitsulo mokwana bwino, popeza chitsulo chamoto chopulumuka pa mbaniro yogwedera ndicho chimavulaza osula ambiri.

Si chitsulo chilichonse

Woyamba aliyense amafuna mpeni. Ndi bwino kudziletsa kaye n'kuyamba ndi chitsulo chofewa, chonga chimene owotcherera amapangira mabagala a m'mawindo. Pamenepo mupange mbedza zokolowekera zinthu, chokolezera moto, mpiringidzo wa chitseko cha khola, misomali. Chitsulo chimenechi chili ndi kaboni wochepa, wosapitirira 0.3 peresenti, motero chimapirira zolakwa koma sichiuma mukachiviika, ndipo mpeni wake umabuntha musanamalize kusenda chinangwa. Sipuling'i ya galimoto imakhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti, n'chifukwa chake osula amailimbirana. Chitsulo cha tupa chimafika 1 peresenti kapena kuposa. Zitsulo zamizeremizere zomangira nyumba n'zosadalirika, china chimauma, china ayi. Chitsulo chochita kuthira m'chikombole, monga cha simbi yamakala, sichisulika n'komwe, chimangonyenyeka.

Ngati muli ndi grinder, gusitsani chitsulocho pang'ono muone moto wake. Chofewa chimatulutsa mizere yaitali yosathetheka kwenikweni, pamene cha kaboni wambiri chimatulutsa timoto tambirimbiri tophulika kunsonga. Sipuling'i yakale muiyang'anitsitse. Inathyoka chifukwa chotopa, ndipo nthawi zambiri pafupi ndi pothyokapo pamakhala ming'alu ina yosaoneka msanga, imene imadzayasama ntchito itatsala pang'ono kutha.

Chitsulo chimasulika bwino chikafika mtundu wa lalanje mpaka wachikasu, kutentha kwa madigiri 900 mpaka 1,200. Chikayamba kufiira moderako, chibwezereni pamoto. Kumenya sipuling'i itazizira n'kuibzala ming'alu, ndipo mkono wanu umangovutika chabe. Chikayera mbee n'kuyamba kuthetheka chokha m'moto, chapserera, ndipo mbali imeneyo ndi yodula n'kutaya. Zimenezi zimachitika m'kanthawi kochepa, makamaka kunsonga yopyapyala, pamene mwatembenuka kuti muyankhe moni. Mitunduyi sioneka bwino padzuwa, n'chifukwa chake chipala chimakhala pamthunzi kapena m'chisakasa.

Luso loyamba ndi kusongola. Ikani nsonga ya chitsulo m'mphepete mwa chosulirapo, kwezani pang'ono dzanja logwira, menyani, tembenuzani mbali yoyandikana nayo, menyaninso. Ngakhale mukufuna nsonga yobulungira, yambani mwaipanga ya ngodya zinayi, kenako muphwanye ngodyazo zikhale zisanu ndi zitatu, pomaliza muibulungize. Mukangomenya mozunguliza kuyambira pachiyambi, m'kati mwa chitsulo mumang'ambika. Kutambasula kumachitika ndi mbali yopyapyala ya nyundo, imene imakankhira chitsulo uku ndi uku. Kunenepetsa ndiko kovutirapo: mumatenthetsa malo ochepa okha, kuimika chitsulo n'kumenya kumutu kwake, ndipo chikayamba kupindika mumachiwongola musanapitirize. Poboola, khomani chiboolero mpaka chitatsala pang'ono kutulukira, tembenuzani, ndipo mudzaona kadontho koderako pamene chitsulo chazizira chifukwa chokhudza chosulirapo. Khomani pomwepo, kachidutswa kagwa. Chiboolerocho muzichiviika m'madzi pafupipafupi kuti chisafewe. Kulumikiza zitsulo ziwiri pamoto, mothira mchenga kapena borax, kudikire chaka china.

Pamene ntchito imapsera kapena kuonongeka

Mpeni ukhoza kukongola m'maso koma n'kukhala wopanda ntchito, ndipo kusiyana kwake kumabwera m'mphindi zochepa zomaliza. Tiyerekeze kuti mwasula tchizulo kuchokera ku sipuling'i. Musathamangire kuviika. Tenthetsani chitsulocho mpaka chifiire bwino, chisiyeni chizizire chokha pamphepo, ndipo muchite zimenezi kawiri kapena katatu kuti m'kati mwake mukhazikike pambuyo pa kumenyedwa konse kuja. Kenako palani ndi tupa, koma kunsonga musiyeko kunenepa kwa milimita imodzi, popeza nsonga yonoleratu imapindika kapena kung'aluka poviika.

Tsopano tengani maginito a sipika ya wailesi yakufa, muwamangirire ku waya. Tenthetsani nsonga pang'onopang'ono, mukuyesa ndi maginitowo. Pa madigiri 770 chitsulo chimaleka kukoka maginito. Chibwezereni pamoto kanthawi kochepa kuti kufiirako kuwale pang'ono kuposa pamenepo, ndipo mosazengereza chilowetseni choimirira m'chitini cha mafuta ophikira ofunditsidwa. Chiyendetseni chokweza ndi chotsitsa, osati cham'mbali. Mafuta akhoza kuyaka pamwamba, choncho chivundikiro chachitsulo chikhale pafupi, ndipo musayese kuzimitsa ndi madzi. Oyilo wakutha wa galimoto ambiri amamugwiritsa ntchito poti ndi waulere, koma utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Chitsulo chikazizira, chikwecheni ndi tupa. Mano ake akamangoterera osaluma, chauma.

Osula a kumudzi ambiri amaviika m'madzi, nsonga yokha, mothapitsa n'kutulutsa, ndipo nkhwangwa zawo zimatema kwa zaka. Limenelo ndi dzanja lozolowera. Woyamba akaponya sipuling'i yofiira m'ndowa ya madzi kawirikawiri amamva kaphokoso kakuti the, ndipo ntchito ya tsiku lonse yathera pomwepo.

Chitsulo chongouma kumene n'chosakhalitsa, chikagwa pa simenti chimasweka ngati botolo. Chiyenera kubwezedwa pang'ono, ndipo apa m'pamene kuona maso a nkhono n'kudekha. Palani mbali imodzi ndi sandipepa mpaka iwale. Gonekani kumutu kwa tchizulo pa makala opanda mphepo, nsonga ili kunja, n'kuyang'anitsitsa. Poyamba palibe chimene chimaoneka. Kenako pa chitsulo chowalacho pamabwera mtundu wa udzu wouma, n'kuyamba kukwawira kunsonga. Pambuyo pake pamatsata wa khofi, kenako wapepo, kenako wabuluu, yonse ikuyenda pamzere. Mtundu wa udzu wouma ndi madigiri pafupifupi 230, woyenera mipeni. Wa khofi wopita ku pepo, madigiri 260 mpaka 280, ndi wa nkhwangwa, kasemasema ndi tchizulo, zida zolandira nkhonya. Wabuluu, cha m'ma 300, ndi wa zinthu zofunika kupindika n'kubwerera. Mtundu umene mukufuna ukangofika kunsonga, viikani msanga. Ukapitirira, muyambirenso kuumitsa. Amene ali ndi uvuni wa magetsi akhoza kuikamo mpeni kwa ola limodzi pa madigiri 200, kuutulutsa kuti uzizire, n'kubwerezanso. Njira imeneyi ndi yosalephera, koma siphunzitsa diso.

Pa zoopsa, choyamba ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki: mapaipi a madzi otuwa aja, malata, mawaya ena a mpanda. Chikapsa chimatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa, munthu n'kumva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya m'thupi usiku wake, mwina n'kumayesa malungo. Chisalowe m'chipala, ngakhale ngati paipi ya mphepo. Paipi yotsekeka mbali zonse ndi shokabuzoba nazonso n'zoopsa, zimaphulika zikatentha. Moto wa makala m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete, monga tikudziwira ndi mbaula m'nyengo yozizira, choncho chisakasa chikhale chopita mphepo ndiponso kutali ndi denga laudzu. Chitsulo chimene chasiya kufiira chimakhalabe ndi madigiri mazana angapo, ndipo ndi chimenechi chimaotcha ana obwera kudzaonerera. Khalani ndi malo amodzi oikapo zamoto, ndipo aliyense pakhomo awadziwe. Valani zovala za thonje, popeza nayiloni imasungunukira pakhungu, nsapato zotseka osati mapatapata, ndi magalasi oteteza maso nthawi zonse.

Za phokoso, kambiranani ndi anansi musanayambe. Kumanga chosulirapo zolimba pachitsa ndi kuchikulunga tcheni kumachepetsa kulira, ndipo kuwasulira kambedza kapena kuwakonzera chikwakwa kumafewetsa mitima. Ndionjezere kuti kale kunali miyambo yoletsa amayi kuyandikira ng'anjo yosungunulira, imene inkamangidwa kutali ndi mudzi. Koma nyundo ya kilogalamu imodzi mayi kapena mtsikana aliyense amene amasinja ndi munsi angaikwanitse, ndipo sindikuona chifukwa chomuletsera.

Zonse ndalembazi zikhoza kukufikitsani pa mbedza yoyamba ndi tchizulo yogwira ntchito. Koma mmene khasu amalitambasulira kuti pakati pakhale msana, mmene amapindira kasemasema, mmene amaotchera msuka kuti udziboolere wokha malo pa mfundo ya mpini popanda kufewetsa kotemera, zimenezi zili m'manja mwa osula a ku Ndirande, ku Mchesi ndi m'misika ya kumidzi, ndipo ambiri mwa iwo ana awo anasankha kuwotcherera kapena kabaza. Safunsa anadya phula. Pitani tsiku lopanda msika, pamene ntchito yachepa. Musafike ndi foni m'manja n'kuyamba kujambula. Perekani moni, gulani kanthu, nenani chimene mwadzera, ndipo mukabweranso mutenge thumba la makala ndi chidutswa cha sipuling'i. Muwalipire nthawi yawo monga mmene mungalipirire mphunzitsi wina aliyense. Mwina adzayamba akupatsani gudumu kuti muzipukusa tsiku lonse osakugwiritsani nyundo. Vomerani, chifukwa wopukusa amakhala moyang'anizana ndi moto, ndipo amaona nthawi imene bambowo akutulutsa chitsulo ndi nthawi imene akuchibwezera.